Mawawa Si Ziro

Pa 14 Malichi, m'holo ya sukulu, anthu a madigiri anauza nkhalamba yochapa zovala kuti ntchito yake ya zaka zisanu ndi chimodzi inali yakuda, ndipo aichapa.

Nkhalambayo anthu amaitchula kuti a Simbi, chifukwa chiyambire unyamata wawo simbi ya makala sichoka m'manja mwawo. Amachapa ndi kusita kuseri kwa nyumba yawo, kumapeto kwa msewu umene umasanduka mtsinje mvula ikangogwa. Pabwalo pali zingwe zinayi zoyanikira, mabeseni awiri ndi tebulo lopserera pakona. Munthu wodalira dzuwa chotere sasewera ndi mitambo. Sukulu sanapite nayo patali, koma kumwamba amakuwerenga ngati nyuzipepala.

N'chifukwa chake ofufuza za kusefukira kwa madzi atabwera kudzafuna anthu wamba oti aziyeza mvula, aneba onse analoza khomo lawo. Anawazikira mtengo pabwalo, pamwamba pake kabotolo ka mizeremizere, n'kuwapatsa kope.

"M'mawa uliwonse seveni koloko muziwerenga madzi n'kulemba nambala," anatero mtsogoleri wawo, bambo wa magalasi. "Manambala amenewa ndi amene adzasonyeze misewu yofunika ngalande. Ndinu anzathu pa kafukufukuyu, agogo."

A Simbi anakhulupirira. Kumaliro a mlamu wawo anapita atayeza kaye. Malungo atawagwetsa, anatuluka atafunda bulangete, akunjenjemera, n'kukayeza. Akazi awo kabotoloko anakatcha mkazi mnzawo.

"Pitani mukam'dzutse mkazi mnzanga," ankatero. "Ine zaka makumi anayi simunandifunsepo kuti ndadzuka bwanji."

"Ameneyu sayankha mwano," ankatero a Simbi, akufunafuna cholembera.

Koma mvula si imodzi. Pali masiku a mawawa, pamene kumwamba kumangowaza timalovu: m'botolo mulibe kanthu, koma malaya pachingwe anyowa. Tsiku loyamba lotere a Simbi anaima nthawi yaitali cholembera chili m'manja. Kulemba ziro kukanakhala kunama, popeza anali atangoanula zovala zonyowa ndi manja awo omwe. Analemba kuti "mawawa". Kuyambira pamenepo sankasiya nambala yokha ngati mwana wamasiye. Ankaonjezera kuti "mvumbi, tsiku lachitatu", kapena "matalala", kapena "yamkuntho, botolo linapendekeka". Chaka chilichonse galimoto ya ofufuza inkabwera kudzatenga kope lodzaza n'kusiya latsopano. Zikomo ankawanenera pawindo. Palibe anatsegula kopelo pamaso pawo.

Tsono pa tsiku lija, loonetsa zotsatira, a Simbi anavala jekete losita okha n'kukhala mpando wakutsogolo. Pakhoma anaonetsa mapu. Misewu ina inali yofiira, ina yachikasu. Wawo unali woyera mbee, ngati nsalu yongoanula kumene. Anaimika dzanja.

"Pepani bambo, kwathu kuja bwanji kulibe mtundu? Kapena sikugwa mvula?"

Wa magalasi anasuzumira pa kompyuta. "Malo nambala 17. Pamenepo panali mawu m'malo mwa manambala, ndipo makina salandira mawu. Poyeretsa tinachotsa zonse zakuda."

"Zakuda?"

"Ndi mmene timanenera pa ntchito yathu, agogo. Zolembedwa timazichapa kaye."

A Simbi anaimirira pang'onopang'ono. "Ine ndachapa zaka makumi asanu. Malaya akada pakolala sinditaya malaya onse. Ndipo ndikaona kadontho kachilendo ndimafunsa mwini wake, mwina ndi maluwa a nsaluyo. Inu munafunsa ndani?"

Anthu anaseka. Wa magalasi anasekanso, ngati kuti nkhalamba yabwera kudzasangalatsa msonkhano, n'kuitana funso lina. Pakhomo anawapatsa chipewa cholembedwa kuti sayansi ndi ya tonse. Atafunsa za makope awo, anawauza kuti akaona ku ofesi. Pamndandanda wa misewu yokumbiridwa ngalande, wawo panalibe.

M'mawa mwake kunacha ndi mawawa. Akazi awo sanatchule za mkazi mnzawo. Anangoona bambowo akutuluka seveni koloko, akuyang'ana m'botolo louma, akukhudza malaya pachingwe. Ulendo uno kope latsopano sanapatsidwe, choncho anang'amba pepala lokutira sopo n'kulembapo liwu lomwe lija. Chipewa chija pano amagwirira simbi ikatentha.

Amene anatchula munthuyu kuti mnzawo ayankhe. Pa zaka zisanu ndi chimodzi, ndani mwa iwo anatsegula kope ngakhale limodzi n'kuona kuti manambala analimo, pambali pa mawu? N'chifukwa chiyani sanam'funse mwini wake asanataye? Makope asanu ndi limodzi aja ali kuti, ndipo awabweza tsiku liti?