Mbendera ya a Telala

Mkati mwa sabata a Telala ankapalasa makina osokera pakhonde la sitolo. Loweruka ankavala kabudula wakuda n'kukagwira mbendera m'mbali mwa bwalo la mpira. Anthu ankawatama kuti ali ndi diso lakuthwa pa ofusayidi. Diso lake liti? Nkhani inali m'ntchafu.

Mnofu wakuseri kwa ntchafu yawo yakumanja unali ndi makani. Akamathamanga mwachifatse, unkangoti phee. Akawonjezera liwiro, unkayamba kung'ung'udza. Koma akati atambasule miyendo yonse, pamene mwendo waponyedwa kutsogolo ndipo mnofuwo uyenera kuubweza usanaponde pansi, unkaluma ngati galu wa eni. Ndiye bambowa anapeza mankhwala: wosewera aliyense wowaposa liwiro, mbendera m'mwamba. Ambiri analira nawo, iwo nkhope ili gwa.

Tsoka lake, mwana wawo wamkazi anakula ndi miyendo ya mphepo, n'kumasewera kutsogolo. Tsiku lina kunabwera mphunzitsi wa timu yaikulu kudzasankha atsikana, ndipo mbendera inali kwa a Telala.

"Bambo ake, lero dzanja lanulo likhale pansi," anatero akazi awo powapatsira nsapato. "Ine matenda anu ndimawadziwa."

"Matenda anji? Ine ndimatsata malamulo."

Masewero ali pafupi kutha, mpira unaponyedwa kutsogolo. Mwana wawo uja anauthamangira ali pabwinobwino, osati pa ofusayidi, n'kuliyatsa liwiro. Dzanja la a Telala linanyamuka lokha, poti linazolowera. Analibweza ndi manyazi, ndipo koyamba m'zaka zambiri anathamanga zenizeni kuti akhale naye pamzere. Mimba patsogolo, kabudula akupepeluka, anthu akufa ndi phwete.

Mnofu sunachedwe. Unangoti thapu! Pogwa, chomwe anaopa si mano kapena mphuno, koma kuti woyimbira angaone mbendera ili m'mwamba. Anaikumbatira n'kuigonera ndi mimba yonse. Chigoli anachimva ndi makutu, kukamwa kuli udzu.

Anawanyamula anthu anayi, ndipo kubwalo sanabwererenso ndi mbendera. Madzulo ake atagona chafufumimba pamphasa, akazi awo akuwathowa, mwana uja analowa atanyamula yunifolomu yatsopano.

"Ababa, akuti ndikayambe Lolemba. Koma ndi yaikulu, mundibwezako?"

A Telala anaisisita nsaluyo, misozi ili lengelenge. Makina awo anali opalasa ndi mwendo, ndipo mwendo wake unali womwewo.

"Bweretsa singano, mama," anatero. "Iyi ndisoka pamanja."