Mizere iwiri imene ndinaitaya ngati kachewere wowola

Sukulu ndinaisiya nditakangana ndi aphunzitsi pa nkhani imene lero sindiikumbukanso. Amalume ananditenga ku Tsangano n'kubwera nane kuno ku Tete, kumene ali ndi nyumba yosungiramo mbewu ku Chingodzi. Ntchito yanga yoyamba inali kusankha kachewere: kukhuthula thumba, kutola wowola, kuponya m'dengu. Kutentha kwa kuno sikuchedwa kuwoletsa katundu, choncho lamulo la amalume linali lalifupi: ukakayikira, taya. Pa kutayako ndinali katswiri.

Poti ndinkatha kuseweretsa mafoni, kompyuta ya mu ofesi inagweranso ine. Kasitomala wathu wamkulu anali khitchini yophikira anthu a ku migodi ya malasha. Mayi wogula zinthu kumeneko, amene tonse tinkangowatchula kuti dona, ankatumiza oda pa imelo Lachitatu lililonse. Ife tinkayankha kuti tavomera, kenako galimoto n'kupakira ku Tsangano. Oda yosayankhidwa pofika Lachisanu meyudiya, dzuwa lili pamutu, inkapita kwa wogulitsa wina, ndipo kasitomala wotayika kamodzi sankabwerera. Za pafoni dona sankaziwerengera, akuluakulu awo ankafuna zolembedwa.

Lolemba lina amalume anafuna tsamba la pa intaneti loonetsa kabichi wawo. Ndinalipanga, ndipo polilumikiza ndinalowa pamalo pamene pamasungidwa dzina la pa intaneti la kampani yathu, ndipo ndinapezapo mndandanda wa mizere. Yambiri inali ndi dzina lathu. Iwiri yokha, yolembedwa kuti MX, inkaloza dzina la kampani yachilendo. Ndinaiyang'ana, ndinaikayikira, ndinaitaya. Mndandanda unaoneka waukhondo, ine n'kukadya chakudya chamasana mtima uli mbee.

Lachitatu oda sinabwere. Lachinayi amalume anasuzumira pakhomo la ofesi.

"Iwe mphwanga, dona adwala kapena atitaya?"

Ndinawaimbira dona aja. Anati atumiza kawiri, ndipo kawiri konse kalata yabwerera kwa iwo.

"Ndiye kuti mukulakwitsa polemba adiresi," ndinatero. "Mwina zala zanu zikugunda mabatani awiri nthawi imodzi."

Anadula foni. Ine ndinapitiriza ndewu ndi ena: ndinakalipira a kampani ya intaneti, ndinazula mawaya onse n'kuwabwezera, ndinamenya mpando. Kenako ndinatumiza imelo kuchokera mu ofesi kupita pafoni yanga, inafika bwinobwino. Ndinawaonetsa amalume monyada kuti vuto silili kwathu.

Lachisanu m'mawa dalaivala anaimba ali ku Tsangano, kufunsa ngati apakire kapena abwere ndi galimoto yopanda kanthu. Ndinakwera njinga yamoto, kuwoloka mlatho wa Zambezi, mpaka ku dera la Samora Machel kwa mayi wina wa ku Angónia amene ali ndi shopu ya fotokope ndipo amakonza makompyuta. Ineyo ndimawatchula kuti mana, ngati achemwali anga.

"Wayesa kutumiza kuchokera pafoni kupita ku ofesi?" anandifunsa.

"Ndi msewu womwewo, mana."

"Si womwewo. Yesa."

Ndinayesa. Sipanapite nthawi, kalata inabwerera.

"Seva, kompyuta yonyamula makalata, ikafuna kupereka kalata, imayamba yafunsa kuti makalata a dzina ili amatsikira pati," anatero mana. "Pali mizere imene imayankha funso limenelo. Tsegula tione."

Ndinatsegula pa kompyuta yawo. Anayang'ana mndandanda wanga waukhondo uja, kenako anandiyang'ana ine.

"Ma MX ali kuti?"

"Sanali athu. Anali ndi dzina la anthu ena."

"Anthu enawo ndi amene amakusungirani bokosi la makalata, bambo aukhondo. Unawalemba penapake usanafufute?"

"Zinyalala amazilemba?"

Anaseka mpaka kugwira makina a fotokope. Ndinafuna womukwiyira, koma sindinamupeze, poti m'chipindamo wolakwa anali mmodzi. Mana anafufuza pa tsamba la kampani yosunga makalata ija, anapeza mizere yoyenera, n'kundiuza kuti ndiilembe ndekha, chilembo ndi chilembo. Nditamaliza ndinatumiza kalata yoyesera. Inabwereranso.

"Yakanika," ndinatero ndikuimirira.

"Khala pansi. Maseva ena akukumbukirabe yankho lakale. Amaiwala pa nthawi yawo, osati pa ukali wako."

Palibe chimene chinandivutapo ngati kudikira kumene kuja. Mana anandipatsa mapepala a makasitomala awo kuti ndiziwamanga ndi sitepula, akuti manja anga asapeze china chofufuta. Ora litadutsa ndinayesanso, kalata inalowa mu bokosi la ofesi. Ndinaiyang'ana kalata imodzi imeneyo ngati mwana wobadwa kumene. Koma oda ya dona munalibe.

"Zobwerera zija sizibweranso zokha," anatero mana. "Atumizenso mwiniwake."

Ndinaimba, dona sanayankhe nambala yanga. Mana anandibwereka foni yawo.

"Dona, ndine wa kachewere uja."

"Wa zala uja?"

"Yemweyo. Inu simunalakwitse chilichonse. Ndinafufuta ndine njira ya makalata. Pepani kwambiri."

"Dikirani, achimwene, ndikweze mawu kuti ophika amve nawo. Mwati wolakwa ndani?"

Ndinabwereza, pang'onopang'ono, ndikumva anthu akuseka pakati pa phokoso la mapoto. Wina anakuwa chapatali kuti ndinenenso m'Chinyungwe, chilankhulo cha kuno ku Tete, ndipo ndinanena, Chinyungwe changa chokhotakhota chomwecho. Dona anaseka nawo.

"Kwatsala mphindi zochepa," anatero. "Ndikutumiza. Mukayankha mwaulemu, ndiiwerengera."

Oda inalowa ndikuiona ndi maso. Ndinayankha pa kompyuta ya mana, ndinayamba ndi moni wautali kuposa kalata yeniyeniyo, mana n'kuwerenga kawiri ndisanatumize. Dona anabweza liwu limodzi lokha, kuti alandira.

Ndinatuluka panja, padzuwa loswa mutu, n'kumuimbira dalaivala.

"Pakirani, achimwene. Kachewere, kabichi, ndipo sabata ino awonjezera anyezi."