Funso Limene Linachotsetsa Ba Mwanza Ntchito

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu giredi sikisi ku komboni yathu ya Kanyama. Inali nthawi ija ya mizere. Ufa mzere, sopo mzere, mafuta ophikira mzere. Atate anali atachotsedwa ntchito kufakitale, ndipo kope limodzi ankalidula pakati ndi mpeni kuti ndigawane ndi mlongo wanga. M'kalasi ambiri tinkakhala pa njerwa. Mawindo analibe magalasi, fungo la zimbudzi linkangolowa mmene lafunira.

Chaka chimenecho kunabwera mphunzitsi watsopano, Ba Mwanza. Anali wachinyamata, woonda, wa jekete imodzi. Boma linali lisanawatsimikize pantchito. Kukhala kapena kuchoka kwawo kunkadalira lipoti la insipekitala. Ankatiphunzitsa Sosho, phunziro la za dziko ndi anthu ake. Buku lake linali limodzi sukulu yonse, lopanda chikuto. Aphunzitsi ena ankadzaza bolodi ndi manotsi, ife n'kumakopera mpaka zala kuuma. Ba Mwanza ayi. Analemba funso limodzi lokha: n'chifukwa chiyani Kanyama imasefukira mvula ikagwa?

Tinadikira yankho. Sanalembe.

"Manzi yamangena mu nyumba zanu, osati mu buku," anatero. "Yendani mukafunse."

Tinapita asanuasanu. Tinafunsa amayi ophwanya miyala m'mbali mwa msewu, fumbi loyera lili m'nsidze. Anayamba atiseka, kenako anatisonyeza maenje odzaza madzi obiriwira amene okumba miyala anasiya. Ine ndinafunsa mdala wina wokumba zimbudzi, Ba Sakala. Sanalankhule zambiri. Anandipatsa piki kuti ndimenye pansi. Ndinamenya. Piki inalira, manja anachita dzanzi mpaka m'mapewa.

"Pansi pano ni mwala chabe, mwana iwe. Manzi yazangena kuti?"

Pa zonse zimene ndinaphunzira kusukulu, palibe chimene ndimachidziwa bwino ngati chimenecho. Tinajambula mapu a komboni yathu pa mapepala a matumba a simenti, ndi makala, n'kuwapachika kukhoma. Ba Mwanza ankatiuza tsiku lililonse kuti munthu asamabwerere kunyumba ndi funso m'mimba.

Insipekitala anabwera pakati pa dzinja. Galimoto yake inakanika kulowa, ndiye anafika wapansi, akudumpha pa miyala, nsapato zili matope okhaokha. Panali mwambo wake. Mlendo wotere akamaliza amafunsa ngati pali funso, ana n'kuyankha pamodzi kuti palibe, kenako n'kuthokoza. Ahedi anali atatiyeseza zimenezi sabata yonse. Aliyense ankadziwa. Inenso ndinkadziwa.

Insipekitala anatola makope athu n'kumavundukula masamba. Langa linali ndi masamba atatu olembedwa. Mapu aja anangowaponyera diso. Anatifunsa mitsinje ikuluikulu ya dziko lino. Tinatchula Zambezi ndi Kafue, n'kuthera pomwepo. Ba Mwanza anali ataima pakona, choko chikuphwanyika m'manja. Pomaliza mlendo uja anafunsa ngati pali funso.

Ndinaimika dzanja. Chingerezi chinandithawa, ndiye ndinafunsa m'Chinyanja, chimene chinali choletsedwa m'kalasi.

"Ba sa, kwamene munkhala imwe manzi yamangena mu nyumba? Ngati siyangena, nichifukwa chani?"

Sindinkanyoza. Ndinkafuna kudziwa ngati kwawonso pansi pali mwala. Koma wina kumbuyo anaseka. Insipekitala anayang'ana nsapato zake, kenako anayang'ana Ba Mwanza. Mlendoyo anakhala pampando n'kuyamba kulemba. Analemba nthawi yaitali, ife tikungomva cholembera chikukanda pepala.

Ahedi anandikwapula zikoti zisanu pamaso pa sukulu yonse. Kunyumba atate anangoti, "Wamkulu safunsidwa na mwana," n'kutembenukira kukhoma. Zimene zinali m'lipoti tinazimva kwa mwana wa ahedi: ana alibe manotsi, alibe ulemu, mphunzitsi satsata silabasi. Temu isanathe Ba Mwanza anachoka. Sanatsanzike. Amene anabwera m'malo mwawo anachotsa mapu athu n'kutsekera mawindo, ndipo tinabwerera kukopera.

Mayeso a giredi seveni ndinalephera, sukulu yanga n'kuthera pomwepo. Patapita zaka ndinawapeza Ba Mwanza mumsika wa m'tauni, akugulitsa zovala zakale za salaula pansi. Imvi zinali zitayamba. Anandizindikira msanga.

"Ni iwe wa funso ija?" Anaseka pang'ono. "Inali funso yabwino, mwana wanga."

Ndinagula thalauza losandikwana n'kuchokapo.

Masiku ano ndimamva kuti aphunzitsi akulimbikitsidwa kuti ana azifufuza okha, azifunsa. Chimene chinachotsetsa munthu ntchito ndicho akuchifuna tsopano. Kwa Ba Mwanza zachedwa. Ndipo ine sindikhulupirira kuti akuluakulu asintha. Mwezi watha mdzukulu wanga anandiuza kuti kusukulu kwawo kukubwera oyendera aphunzitsi, ndipo iye amamukonda kwambiri mphunzitsi wake. Ndinamuitana pafupi. Ndinamuuza kuti mlendo akadzafunsa ngati pali funso, manja ake akhale pansi pa desiki. Anavomera osafunsa chifukwa. Ndikudziwa kuti ndamuphunzitsa choipa.