Kubweza Kamba wa Enelesi ku Markham

Ndinatuluka m'nyumba ku Scarborough, kuno kutsidya kwa nyanja, 8 koloko m'mawa, Loweruka lina la mwezi wa Juni, nditanyamula katoni yoboolaboola. M'katimo munali kamba wam'madzi amene mkazi wanga Enelesi anabwera naye chaka chapitacho, chigoba chitang'ambika. Anandiuza kuti anamutola pamsewu galimoto ina itamuponda. Dokotala wa ziweto anamanga chigobacho ndi waya ndi guluu, ndipo kambayo anakhala m'bafa mwathu nyengo yonse yozizira. Enelesi anamwalira mu Febuluwale. Kamba anachira.

Tsiku lochotsa waya, milungu itatu m'mbuyomo, dokotalayo anandichenjeza kuti kamba samutaya paliponse. Ukamusiya pamadzi achilendo amayamba ulendo wofuna kwawo, n'kupondedwanso. Nditanena kuti malowo sindikuwadziwa, anati bambo amene anabwera ndi mkazi wanga tsiku lija akuwadziwa, n'kundilembera dzina ndi nambala. Enelesi sanandiuzepo za bambo aliyense. Dzinalo linali la a Mbewe, Mmalawi wamkulu kwa ine, amene ndinangowaona kamodzi, pamaliro, akulira kuposa mmene ndinkaonera kuti n'koyenera.

Basi yopita kumpoto ndinalipira masenti makumi anayi. Dalaivala anayang'anitsitsa katoni ija n'kufunsa ngati chimene chinali m'katimo chimaluma. Ndinati chimaluma nyongolotsi basi. Mayi wina atamva zikhadabo zikukanda anasamukira mpando wakutali. Sindinamudabwe. Tsiku limenelo inenso sindinkakhulupirira munthu.

Cha m'ma 9 koloko ndinatsika pamene basi imathera, kumalire a mzinda. A Mbewe anali kundidikira m'galimoto yakale yobiriwira. Anandipatsa moni wautali, nayamba kufunsa za kwathu, za koleji, za abale ngati amalemba makalata. Zaka zimenezo Mmalawi akakufunsa zambiri kunja kuno unkayamba waganiza za akazitape, choncho ndinkayankha mawu amodziamodzi ngati ndikuthira mchere m'ndiwo za wodwala.

Poika katoni pampando wakumbuyo ndinaona katsamiro kakang'ono. Kanasokedwa ndi chitenje chamaluwa achikasu chimene ndinamugulira Enelesi ku Limbe tisanakwatirane. Ndinatseka chitseko bwinobwino n'kukakhala kutsogolo.

Tinaima pa kasitolo kena pafupi ndi Markham. A Mbewe anagula khofi ndi madonati, n'kunena kuti achemwali, kutanthauza Enelesi, ankakonda opanda shuga pamwamba. Zinali zoona. Donati wanga ndinangomugwira m'manja mpaka anaphwanyika.

Kenako tinasiya phula n'kulowa msewu wa miyala, pakati pa minda ya chimanga chongofika m'akakolo. Nyumba zinali patalipatali, ndipo sitinakumane ndi galimoto ngakhale imodzi. Ndinaona kuti munthu wosafuna kuonedwa akhoza kusankha msewu umenewu. Itakwana hafu pasiti teni tinaima pa kamlatho, m'munsi mwake muli dambo la mabango ndi madzi odikha. A Mbewe anazimitsa injini n'kuloza pansi kuti panali pamenepo.

"A Mbewe," ndinatero ndikuyang'ana kutsogolo, "mkazi wanga ankadzatani kuno?"

Anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Ndiye kuti sanakuuzeni mpaka kumapeto? Achimwene, kambayu anamuponda ndi iwowo. Amene anali pachiwongolero ndi achemwali."

Anafotokoza pang'onopang'ono. Enelesi anawapempha kutchalitchi kuti amuphunzitse galimoto. Ankabwera Loweruka lililonse, pa maola amene ine ndinkakhala kulaibulale. Ankafuna adzangondionetsa laisensi, chifukwa zinkamupweteka kundiona ndikudikira basi m'chipale chofewa nditavala jekete lopyapyala. Katsamiro kaja ankaika kumsana poti miyendo inali yaifupi, sinkafika pa buleki. Mayi Mbewe ankakhala kumbuyo ulendo uliwonse, atatsinzina, akupemphera mokweza. Kuchokera tsiku la kambalo Enelesi sanagwirenso chiwongolero. Anati adzayambiranso kamba akadzabwerera m'madzi ake.

Ndinakumbukira mmene ankagwadira pabafa paja, akumudyetsa ndi kamtengo, akumupepesa. Ine ndinkaseka, ndinkati ndi mtima wa unamwino chabe, poti ndiyo inali ntchito yake.

Tinatsetsereka limodzi, nsapato zikumira m'matope. Ndinamutulutsa m'katoni n'kumuika m'mphepete mwa madzi, chipsera cha guluu chikuwala padzuwa. Anabisa mutu nthawi yaitali, kutikayikira tonse awiri. Kenako anatulutsa mphuno, nayenda masitepe angapo, n'kumira. Matope anavunduka pang'ono, madzi n'kudikhanso.

Pobwerera a Mbewe anafunsanso ngati abale amalemba. Ndinawauza zoona, kuti makalata atatu a apongozi anga ali patebulo osatsegula. A Mbewe anangondipitiriza pa siteji ya basi ija n'kukanditula pakhomo penipeni, 1 koloko itangodutsa.

Milungu itatu yathunthu ndinakhala ndikumuzenga mlandu munthu amene sakanatha kudziyankhira, pamene chinsinsi chake chinali mphatso yanga. Ndinakwera masitepe ndi katoni yomwe ija, koma sinali yopanda kanthu. A Mbewe anali ataikamo katsamiro kaja ine osaona.