Mawu a Bambo Adapsera mu Wailesi

Ndikukumbukira chaka chomwe ndidali sitandade sikisi, pamene bambo adatitumizira wailesi ya kaseti kuchokera ku Joni. Adali atatha zaka zinayi kumeneko osabwera. Katunduyo adabwera ndi mnzawo wa ku Sharpevale, koma adaputala yake, kabokosi kakuda kolumikizira kumagetsi, mnzawoyo adaiiwala m'basi. Sitidadandaule. Kumudzi kwathu magetsiwo tikadawatenga kuti?

M'wailesimo mudali kaseti. Bambo sankadziwa kulemba, choncho adajambula mawu awo. Mayi adayala mkeka pakhonde, ine n'kudina batani. Bambo adatsokomola kaye, kenako adapereka moni kwa aliyense, mpaka kwa galu wathu amene adafa kalekale. Ndiye adati kwa mayi, "Nangondo, tsono tamverani bwino. Za kubwera kwangaku, ndaganiza kuti..." Mawu adayamba kukoka ngati a munthu woledzera, basi zii. Mabatire adatha.

Tidawayanika padzuwa, ndidawaluma ndi mano, koma osatheka. Mayi adati tidikire Loweruka, akagulitse mbatatesi agule ena. Lowerukalo anyamata a chipani adawabweza pachipata cha msika chifukwa kadi yawo idali ya chaka chatha. Tidikirenso sabata ina.

Ine mtima wapachala ndidabadwa nawo. Lachisanu ndidathawa kusukulu, ndidakulunga wailesi m'chitenje cha mayi, ulendo wa ku Nsipe kwa Che Amadu, mwini sitolo ya nsalu ndi sopo, amene adali ndi magetsi. Wailesi yawo yaikulu inkakhala pakhonde, waya wake utadutsira pawindo.

Adavala magalasi n'kuitembenuza yathuyo. "Mwanangu, yakoyi imadya magetsi a mphamvu ya sikisi. Adaputala yangayi imatulutsa thwelofu."

"Koma kapini kakulowa bwinobwino, taonani."

"Kulowa si nkhani. Ndikupita kumzikiti. Ndikabwera tiona za mabatire. Usakhudze, wamva?"

Ndidangoti mkuluyu akuumira magetsi ake. Kumudzi tinkadziwa lamulo limodzi: khasu likalowa mumpini ndiye kuti mpiniwo ndi wake. Atangokhota pakona ndidazula waya kuwailesi yawo, ndidalowetsa kwathu, n'kudina.

Bambo adalankhula ndithu, koma mothamanga, timawu tating'ono ngati ta mbewa. Sindidatolepo ngakhale liwu limodzi. Kenako fungo la pulasitiki wopsa, ndi kautsi kotuluka kumbuyo. Nditatsegula ndidapeza tepi itazingana pakachitsulo kotentha. Ndidakoka. Idaduka, mbali ina itasungunuka n'kumata zala zanga.

Che Amadu adabwera ali ndi maganizo oti andipatse mabatire anayi ulere, adandiuza okha. Sadakalipe. Adakhala pansi, adakulunga tepi yotsalayo ndi pensulo, adamata podukapo ndi kyutekisi yopaka zikhadabo ya akazi awo, n'kuyesa muwailesi yawo. Moni wa galu uja udamveka bwinobwino. Pambuyo pake padangoti khwee, kenako chete mpaka kumapeto. Zonse zomwe bambo adaganiza zidali pachidutswa chomwe chidatsalira kuzala zanga.

Mayi sadandimenye. Bola akadandimenya. Adangoyang'ana wailesiyo nthawi yaitali n'kufunsa motsitsa, "Iweyo udamvako kuti chiyani?"

"Palibe, amayi."

"Ngakhale mwezi wake?"

Ndidapukusa mutu.

Mnzawo wa ku Sharpevale uja adali atabwerera kale. Ndidalemba makalata atatu, yankho silidabwere. Disembala yense mayi ankapeza chifukwa chopitira kumsewu waukulu, kukaima mpaka basi ya ku Blantyre itsitse anthu. Patatha zaka ziwiri tidalandira uthenga woti bambo adamwalira n'kuikidwa ku Joni komweko. Mayi adamwalira osadziwa ngati mwamuna wawo ankati akubwera, kapena ankatsanzika.

Mwezi watha mwana wanga adabwereka adaputala kwa mnzake kuti ayatse makina ake a magemu. Ndidakuwa mpaka aneba adasuzumira pampanda. Iye n'kumati, "Adadi, koma yalowa." Ndidamukhazika pansi, ndidamuwerengetsa timanambala ta kuseri kwa adaputalayo ndi ta pamakina, kamodzikamodzi. Tidali tosiyana.

Lero ndikudziwa kuti kapini sikakana bowo, wokana ndi munthu. Che Amadu adakana, ndipo adangondipempha ola limodzi lokha. Ndidalephera kudikira ola limodzi, ndiye ndakhala ndikudikira moyo wanga wonse kuti bambo amalize chiganizo chija.