Nyimbo ya Bwanamkubwa

Ndikukumbukira tsiku limene bambo anafika kumudzi kwathu, kumapiri a Neno kumtunda kwa Matandani, sutikesi ili paphewa ndipo kamwana ka galu kakusuzumira m'thumba la jekete. Ndinali ndi zaka ngati zisanu ndi zitatu. Bambo ankaphikira mzungu wina ku Limbe, ndipo atasiya ntchito anabwerako ndi zinthu ziwiri: kagaluko ndi nzeru zachizungu. Zonse ziwiri zinatisautsa.

Kwathu galu ankagona panja paphulusa n'kumadya zimene watola. Koma bambo anati ameneyu ndi galu wamtundu, mayi wake amagona pampando wa dona, mkazi wa mzunguyo, choncho nayenso azigona m'nyumba. Amayi anakayang'ana kuyambira kumphuno mpaka kumchira, n'kukatcha Bwanamkubwa. Dzina lachingerezi limene bambo anabwera nalo linafera pomwepo.

Tsono amayi anga ulemerero wawo unali pansi pa nyumba. Ankakatenga dothi lakuda kudambo, n'kuzira, n'kusalaza ndi mwala mpaka pansi pankanyezimira ngati mtsuko watsopano. Ife ana tinkalowa titapukuta mapazi. Bwanamkubwa sankapukuta kanthu. M'mawa uliwonse tinkadzukira kadziwe kuseri kwa chitseko ndi kamulu pafupi ndi mphasa, ndipo dothi lozira likanyowa limasiya banga losachoka.

Tsiku lina amayi zinawakwana.

"Iwe Esinati, poti bwana wakoyu umamukonda, tamvera. Akadzangoipitsanso m'nyumba muno, amalume ako adzapita naye ku Matope azikasaka naye."

Agalu a amalume ndinali nditawaona, anali nthiti zokhazokha. Mtima unandiwawa, chifukwa kagaluko ndinkakakonda kuposa mlongo wanga, ndipo mlongo wangayo ankadziwa.

Bambo anandiuza mmene dona ankachitira. Galu umamutulutsa akangodzuka ndiponso akangodya, umadikira mpaka amalize, kenako umamusisita n'kumuyamikira. Kuyamikira galu chifukwa wanyera! Mudzi wonse unaseka, koma ine ndinalimbikira. M'mamawa, nkhungu itaphimba mapiri, mame akuluma zala zakumapazi, ndinkapita naye kuseri kwa nkhokwe, pansi pa mtengo wa manachesi. Iye sankafulumira, ankayamba wanunkhiza tsamba lililonse. Pofuna kuiwala kuzizira, ndinkayimba nyimbo imodzi yokha imene ndinkaidziwa mpaka kumapeto, ija tinkatsegulira mapemphero kutchalitchi. Patapita masabata angapo, ndikangoyamba mawu oyamba, Bwanamkubwa ankazungulira kawiri n'kunyonyomala. M'nyumba munauma, ndipo ine ndinkayenda motukula mapewa.

Kenako kunabwera a Ngozo, mkulu wa mpingo, kudzacheza ndi bambo, amene ku Limbe anali ataiwala njira ya kutchalitchi. A Ngozo anali ndi nsapato, ndipo ankazinyamula m'manja njira yonse n'kuzivala pofika pakhomo. Kunja kunkawaza mvula, ndiye tonse tinakhala m'nyumba, mmene amayi anali atazira dzulo lake. Mkuluyo anatsokomola, anatsinzina, n'kuyambitsa nyimbo. Inali ija.

Ndinaona makutu a Bwanamkubwa akuimirira. Ndinafuna kudzuka, koma mwana sadzuka akulu akupemphera, ndipo amayi ananditsina pantchafu. Galu anatuluka pansi pa mpando wa bambo, anawayang'ana a Ngozo mwaulemu wonse, anazungulira kawiri, n'kunyonyomala pakati penipeni pa nsapato zija. A Ngozo anapitiriza ndi mawu awo okuya mpaka fungo linawapeza m'ndime yachitatu. Atatsegula maso anapeza galu akugwedeza mchira, kudikira kuyamikiridwa.

Mapemphero a tsikulo anali afupi. A Ngozo anabwerera nsapato zili m'manja monga mwa masiku onse, koma ulendo uno atazitalikitsa. Bambo anawaperekeza ndipo sanafulumire kubwerako.

Ine ndinakhala pakhonde nditakumbatira galu wanga, ndikulira mpaka mamina, n'kuulula zonse za kuseri kwa nkhokwe. Amayi anali atagwada chondifulatira, akupala pansi ndi phale. Kenako ndinaona mapewa awo akugwedezeka, akuseka mobisa.

"Ndiye ukuti wamva nyimbo n'kuchita zimene unamuphunzitsa, eti?"

"Inde, amayi."

"Basi, ameneyu ndi womvera kuposa bambo ako. Galu akhala. Koma nyimbo imeneyo isadzamvekenso m'nyumba mwanga."

Bwanamkubwa anakalambira pakhomo pathu. Mlendo aliyense wampingo akati atsokomole kuti ayambitse nyimbo, amayi ankamutsogolera ndi ina, ndipo anatchuka kuti ndi mayi wachangu pa za Mulungu.

Lero pansi ndi simenti, atsikana kuzira sakudziwa, ndipo zidzukulu zanga m'tauni zimagulira galu chakudya m'sitolo popanda wina kuseka. Nyimbo ija yokha ndiyo sinasinthe. Pamaliro a amayi, azimayi a mpingo anaiyambitsa m'nyumba momwemo. Ndinangopezeka ndikuyang'ana pansi pa mipando, kufuna galu woti ndithamange naye panja, ndipo ndinabisa nkhope m'nsalu. Anthu ankati taonani Esinati mmene akulirira amayi ake. Ndinkalira ndithu, koma mapewa anga ankagwedezeka ngati a amayi tsiku lija.