Tepi ya pa Motoka Yofiira

Amuna anga, ba Lazarous Kombe, omwe kuno ku Chawama timawaitana kuti bashi Luse, ndiye kuti bambo ake a mwana wathu Luse, anali dalaivala wokatengera anthu motoka ku Nakonde. Munthu akagula motoka kunja, iwo ankakwera basi mpaka kumalire n'kuiyendetsa kudzafika nayo pakhomo pa mwiniwake. Analibe ofesi, analibe kalata ya ntchito. Chimene chinkatidyetsa linali dzina lokha: zaka zisanu ndi zinayi osakandako penti ya munthu. Mabwana ankangopatsirana nambala yawo.

Anali ndi kachitidwe kawo. Asananyamuke ankamata tepi kutsogolo konse, pa boneti ndi pa magalasi a m'mbali, kuti timiyala tothethekera ku matayala a mathiraki tisaboole penti. Sankatsatira thiraki pafupi. Sankaima pansi pa mtengo, kuopa mbalame. Akangofika mu Lusaka, tepiyo ankaimatula tsiku lomwelo, pamthunzi, ndi madzi ofunda.

"Bana Luse, ikachedwa padzuwa ulimbo umapsa," ankandiuza kawirikawiri ine mayi ake a Luse. "Ukaichotsa ichoka na penti." Ine ndinkangovomera, mwana ali kubere.

Mu Okutobala chaka chatha anakatenga kamotoka kofiira ka zitseko ziwiri, kakafupi ngati kagwada, ka ba Chewe a ku Chilenje. Ba Chewewo anali ku Kitwe mpaka Lachisanu. Lachiwiri masana Luse wathu, wa chaka chimodzi ndi miyezi itatu, anatentha thupi, kenako anauma manja, maso n'kutembenuka. Ndinawaimbira foni.

"Muli kuti, bashi Luse?"

"Nangena mu tauni. Ni chani?"

"Mwana wauma."

Motokayo sikanatha kulowa mumsewu wathu wa miyala ndi maenje. Anaisiya pamsewu wa tala n'kubwera akuthamanga, natenga mwana m'manja mwanga. Titafika kumsewuko, azimayi a pamsika anali atazungulira kale motoka ija, wina akufuula kuti, "Bashi Luse, mwalemera liti osatiuza?" Ataona mwana anatipatsa njira. Ndinakhala pampando wokutidwa ndi pulasitiki, mapazi nditawakweza m'mwamba kuti ndisadetse.

Kuchipatala anamugoneka Luse n'kumuika dilipi. Anauma kachiwiri, kachitatu. Bashi Luse anakhala pa benchi pafupi ndi chitseko cha wodi, osadya, makiyi ali m'thumba.

Apa ndi pomwe pali mlandu wanga. Bedi lathu linali pawindo, ndipo motoka ija ndinkaiona bwinobwino, ili pabwalo popanda mthunzi, dzuwa la Okutobala likuiwomba. Tepi ndinaiona Lachitatu m'mawa. Ndinakumbuka mawu awo onse. Ndinatsegula pakamwa, kenako ndinaganiza: akapita kukafuna mthunzi ndi madzi ofunda, mwana n'kuuma ine ndili ndekha? Sindinanene. Lachinayinso sindinanene. Iwo, munthu amene sankaiwala ngakhale chotsekera cha mpweya wa tayala, anaiwaliratu.

Lachisanu Luse anayamwa. Bambo ake anaseka, kenako nkhope inasintha, natuluka mothamanga. Ndinawaona pawindo akuthira madzi a m'botolo, akukoka tepi pang'onopang'ono ndi zala ziwiri. Anaima. Pa boneti panatsala mzera wotuwa wotalika ngati mkono wanga. Anakhala pansi pafumbi, tepi ili m'manja.

Ba Chewe sanakalipe, malinga ndi mmene anandiuzira bashi Luse. Anayang'ana boneti nthawi yaitali n'kunena kuti, "Ba Kombe, pepani va mwana. Koma banthu bananiuza ati imwe simulakwisa." Anajambula mzera uja pa foni. Kuchokera tsiku limenelo foni ya bashi Luse sinalirenso za ku Nakonde.

Tsopano amatsuka motoka m'mbali mwa msewu wa Kafue, ndi ndowa ziwiri ndi nsalu yofewa imene salola wina kuigwira. Akaona motoka yatsopano ikudutsa ndi tepi kutsogolo, amaimirira n'kuikodola, kufuna kumuchenjeza dalaivala. Palibe amene amaima.

Ine ndimawayang'anitsitsa akamanyamula Luse. Ndimafufuza pankhope pawo ngati akumuwerengera mwanayo mlandu, ndipo sindinapezepo kanthu. Amamuponya m'mwamba, amamutcha bwana wawo. Mlandu amadziimba okha. Sabata yatha, akupukuta nsapato, anati, "Nenze na maso, bana Luse. Masiku yatatu. Nanga ninaiwala bwanji?"

Ndinali nditagwira mbale. Ndikanatha kunena kuti ine sindinaiwale, ndinaona, ndinasankha. Ndinayang'ana Luse akukoka chingwe cha nsapato yawo, ndinayang'ana chitseko, ndipo ndinaopa kuti angatulukire pomwepo osabweranso.

"Munali otopa," ndinatero.

Anagwedeza mutu n'kunyamula ndowa zawo.